Masamu akuti 7.8 kW, mapanelo akupereka 6.6 kW: kodi vuto ndi coefficient ya kutentha?

Kadzuwa

Moni akuluakulu. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumawerengetsera mphamvu imene mapanelo a sola angatulutse.

Pali mapanelo 20 a 400 W, onse pamodzi 8 kW, oikidwa padenga la malata. Mpata wa pakati pa panelo ndi lata ndi masentimita 8 okha. Pa datasheet alemba kuti Voc (volteji ya panelo isanalumikizidwe ku chilichonse) ndi 37.0 V, Vmp (volteji pa mphamvu yapamwamba) 31.0 V, Isc (current mawaya ake awiri atagundanitsidwa) 13.8 A, Imp (current pa mphamvu yapamwamba) 12.9 A. Ma coefficient a kutentha, osonyeza mmene nambala iliyonse imasinthira pa digiri imodzi, ndi awa: Pmax (mphamvu yapamwamba) −0.35%/°C, Voc −0.27%/°C, Isc +0.05%/°C, ndipo NOCT (kutentha kumene selo imafika pa muyeso wokhazikitsidwa wa panja) ndi 45°C. Maselo ndi a mtundu wa PERC, odulidwa pakati, alipo 108.

Dzuwa lili paliwombo, kumwamba kopanda kamtambo, sensa yopendekeka mofanana ndi mapanelowo imawerenga kuwala kwa pafupifupi 1000 W/m², mpweya uli pa 33°C. Mu spreadsheet ndikuchotsa 25 pa 33, kutsala madigiri 8, ndikachulukitsa ndi 0.35 ndikupeza kuti patayike 2.8 peresenti. Ndiye ndikuyembekezera 7.78 kW. Koma inveta ikuonetsa 6.6 kW kumbali ya DC, yochokera ku mapanelo, mapanelo ali otsuka bwino, mthunzi palibe. Kodi nambala ya −0.35 ija ndi yabodza?

Funso lina ndi la malo ena kumene kumazizira mpaka −10°C. Inveta yake imalola 600 V basi, ndipo MPPT yake (gawo losaka mphamvu yapamwamba ya mapanelo) imayambira pa 200 V. Pa ma coefficient atatu aja nditenge iti powerengera mapanelo a mumzere umodzi, olumikizidwa motsatizana? Komanso ena akundilimbikitsa kugula mapanelo a maselo a mtundu wa HJT ati chifukwa sataya mphamvu kukatentha. Phindu lake lingafike pati pa chaka?

MmisiriWaDenga

A Kadzuwa, nambala ya −0.35 musaikayikire. Chimene chasokoneza masamu anu ndi 33 uja. Coefficient imachulukitsidwa ndi kutentha kwa selo mkati mwa galasi, osati kwa mpweya umene ukuwomba pabwalo. Mphamvu ya 400 W inayezedwa pa STC, kutanthauza kuwala kwa 1000 W/m², mtundu wa kuwala wa AM1.5, selo ili pa 25°C. Kufakitale amachita kuthwanitsa nyale kwa kamphindi kochepa kwambiri kotero kuti selo ilibe nthawi yotenthera. Panja sizitheka: panelo imasandutsa magetsi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kuwala kumene yalandira, kwina pang'ono kumabwerera m'mwamba, ndipo kotsala konseko kumasanduka kutentha m'panelomo.

Choncho masamu ali pawiri. Choyamba mupeze kutentha kwa selo, Tc. Kenako mugwiritse ntchito coefficient motere:

P = P0 × (G/1000) × (1 + γ × (Tc − 25))

P0 ndi 8 kW yanu ija, G ndi kuwala kofika pankhope ya panelo, γ ndi −0.0035. Njira yosavuta yopezera Tc ndi ya NOCT: Tc = Ta + (NOCT − 20)/800 × G, pamene Ta ndi kutentha kwa mpweya. Kwa inu ndi 33 + 25/800 × 1000, zomwe zikupereka 64°C ndi kachidutswa. Selo yakwera ndi madigiri 39 pamwamba pa 25, kutayika kwake ndi 13.7 peresenti, mphamvu 6.90 kW. Mwaona kuti mbali yaikulu ya mpata wanu yatsekeka ndi sitepe imodzi yomweyi.

Koma NOCT nayo ili ndi polekezera, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mukhazikike. NOCT imayezedwa kuwala kuli pa 800 W/m², mpweya pa 20°C, mphepo ikuyenda mita imodzi pa sekondi, panelo ili pa chimango choima pachokha, kumsana kuli poyera. Denga lanu silili choncho. Pa mpata wa masentimita 8 mpweya wotentha umachedwa kutuluka, lata nalo limatentha n'kumabwezera kutenthako kumsana kwa panelo. Mamodelo abwino amafunsa mmene panelo yaikidwira pa chifukwa chimenechi.

Pulogalamu ya PVsyst imagwiritsa ntchito Tc = Ta + 0.9 × G × (1 − η)/U. Apa η ndi gawo la kuwala limene lasanduka magetsi, titi 0.20, ndipo U ndi kuthekera kwa panelo kutaya kutentha, mu W/m²K. Imapereka 29 ngati panelo ili poyera mbali zonse, 20 ngati kumsana kuli kampata ka mpweya, ndi 15 ngati kumsana n'kotsekeka. Pamwamba pa mzere wogawira pakubwera 720. Mukagawa ndi 29 mupeza madigiri 25, selo ili pa 58°C. Ndi 20 mupeza madigiri 36, selo pa 69°C. Ndi 15 mupeza 48, selo pa 81°C. Panelo yomweyo, dzuwa lomwelo, mpweya womwewo, koma kusiyana kwa madigiri 23, kumene kuli 8 peresenti ya mphamvu. Denga lanu likuyandikira U ya 20: madigiri 44 pamwamba pa 25, kutayika 15.4 peresenti, kutsala 6.77 kW. Chotsanipo 2 kapena 3 peresenti ya mawaya a DC, kusafanana kwa mapanelo ndi kafumbi kosaoneka ndi maso, mufika pa 6.6 kW yanu ija. Mapanelo anu ali bwinobwino.

Mamodelo ena awiri amene mungakumane nawo amaika mphepo poyera. Ya Faiman, ya mu 2008, imene muyezo wapadziko lonse wa IEC 61853-2 unatengera, imati Tm = Ta + G/(U0 + U1 × v), pamene Tm ndi kutentha kwa panelo ndipo v ndi liwiro la mphepo. Manambala odziwika ndi U0 = 25 ndi U1 = 6.84. Pa tsiku lanulo, kukakhala bata ndithu panelo ifika 73°C, mphepo ya mita imodzi pa sekondi iitsitsa pa 64°C, ya mamita atatu pa 55°C. Ya Sandia, ya mu 2004, imati Tm = G × exp(a + b × v) + Ta, kenako Tc = Tm + (G/1000) × ΔT. Pa panelo ya galasi kutsogolo ndi pulasitiki kumsana, yoima poyera, a ndi −3.56, b ndi −0.075, ΔT ndi 3, ndipo pa mphepo ya mita imodzi ikupereka pafupifupi 62°C. Manambala onsewa ndi a panelo yoima poyera, musawatengere padenga osasintha.

Pali njira yachangu yodziwira ngati spreadsheet yanu ikuwerenga bwino. Ma datasheet ambiri amalembanso mphamvu ya panelo pa NOCT. Ikani G = 800 ndi Tc = 45: 400 × 0.8 × 0.93 ikupereka pafupifupi 298 W. Nambala ya pa datasheet ikhale pafupi ndi imeneyi. Ikatalikira kwambiri, pali cholakwika m'masamu anu kapena pa datasheetyo. Dziwaninso kuti ma datasheet atsopano amalemba NMOT m'malo mwa NOCT kuyambira pamene IEC 61215 inasinthidwa mu 2016. NMOT imayezedwa panelo ikutulutsa magetsi, ndipo ndi kutentha kwa panelo osati kwa selo, choncho imatsikirako ndi madigiri angapo. Mukailowetsa pamalo pa NOCT osaganizira zimenezi, modelo yanu idzalonjeza mphamvu yochulukirapo kuposa imene ilipo.

NaMasamu

Zimene anena a MmisiriWaDenga ndikugwirizana nazo zonse. Ine nditenge funso la mzere, chifukwa pamenepa munthu akalakwitsa sataya mphamvu chabe, amaotcha inveta.

Pa malire apamwamba mutenge coefficient ya Voc, −0.27, pamodzi ndi kuzizira kwakukulu kumene malowo amafika. Kuchoka pa 25 kufika pa −10 ndi madigiri 35. Voc ikwera ndi 35 × 0.27, ndiye 9.45 peresenti, kuchoka pa 37.0 V kufika pa 40.5 V. Gawani 600 ndi 40.5, mupeza 14.8, ndipo apa timatsitsa nthawi zonse, sitikweza: mapanelo 14. Munthu wongotenga 37.0 ya pa datasheet apeza 16, ndipo m'mawa wozizira mapanelo 16 aja adzapereka 648 V ku inveta yolola 600. Ma inveta ambiri amasunga mbiri ya volteji imene analandira, ndipo kuwonongeka kotere walanti siikuphimba. Pano timatenga kutentha kwa mpweya ngati kwa selo, sitiwonjezerapo kanthu, chifukwa choopsa chimachitika dzuwa likangotuluka, panelo isanatenthe, inveta isanayambe kukoka current. Usiku wopanda mitambo panelo imatha kuzizira kuposa mpweya ndi madigiri angapo, poti imataya kutentha kwake kumwamba. N'zoona kuti kuwala kukakhala kochepa Voc imatsikako, koma kutsikako n'kochepa kwambiri, musadalire kuti kukupulumutsani.

Malire apansi ndi amene ambiri amaphonya. Pamenepa nkhawa ndi Vmp selo itatentha kwambiri, ndipo coefficient ya Vmp nthawi zambiri siilembedwa. Anthu amangobwereka ya Voc, koma Vmp imatsika mofulumira kuposa Voc. Poti mphamvu ndi volteji kuchulukitsa ndi current, coefficient ya Pmax imafanana ndi ya Vmp kuphatikiza ya Imp. Ya Imp ndi yaing'ono, ili pakati pa ziro ndi ya Isc. Ndiye ya Vmp ili pakati pa −0.35 ndi −0.40. Tengani −0.40 kuti mukhale kumbali yotetezeka. Selo ikafika 75°C, Vmp ndi 31.0 × 0.80, ndiye 24.8 V. Gawani 200 ndi 24.8, mupeza 8.06, ndipo apa timakweza: mapanelo 9. Mukabwereka −0.27 mupeza 26.8 V n'kukhulupirira kuti 8 akwana, pamene 8 × 24.8 ndi 198 V, pansi pa malire. Inveta siiwonongeka, koma imagwira mzerewo pa 200 V, kumtunda kwa Vmp yeniyeni, ndipo kumeneko mphamvu imagwa msanga. Zimachitika masana enieni pamene mumayembekezera zochuluka. Mzere wanu ukhale wa mapanelo 9 mpaka 14, ndipo ine ndingasankhe 12 kapena 13 kuti mbali zonse pakhale popumira.

Ndifotokozeko chifukwa chake volteji imatsika, pakuti chimayankhanso theka la funso lanu la HJT. Silicon ikatentha, band gap yake (mphamvu yofunika kuti elekitironi imasuke), imene ili pafupifupi 1.12 eV, imachepa pang'ono. Zimenezi zimalola selo kugwira kuwala kowonjezerako, n'chifukwa chake Isc imakwera ndi 0.05 peresenti pa digiri. Koma current yotayikira mkati mwa selo, I0, imakula mofulumira kwambiri ndi kutentha, ndipo ndiyo imagwetsa volteji. Pa selo imodzi kutsika kwake kumayerekezedwa chonchi: dVoc/dT = −(1.2 − Voc + 3kT/q)/T, pamene T ili mu kelvin ndipo kT/q ndi 0.0257 V pa 25°C. Panelo yanu ili ndi maselo odulidwa 108, amene alumikizidwa ngati magulu awiri a maselo 54 otsatizana, ndiye selo iliyonse ikupereka 37.0/54, pafupifupi 0.685 V. Mukalowetsa mupeza pafupifupi 2.0 mV pa digiri, ndiye 0.29 peresenti, pafupi ndithu ndi −0.27 ya pa datasheet. Tsopano yesani selo ya HJT ya 0.74 V: 1.8 mV pa digiri, 0.24 peresenti. Palibe chinsinsi china. Selo yokhala ndi Voc yokwera imataya mamilivolti ochepa, ndipo ochepawo akugawidwa ndi nambala yaikulu. Ndicho chifukwa mapanelo akale a poly ankakhala cha pa −0.40 mpaka −0.45 pa Pmax, PERC cha pa −0.35, TOPCon cha pa −0.30, HJT cha pa −0.25.

Masamu omwewa akuonetsanso kuti coefficient siikhala chimodzimodzi tsiku lonse. Kuwala kukatsika kufika 200 W/m², Voc ya selo ija imatsika ndi pafupifupi 0.04 V, kufika 0.644 V, ndipo coefficient yake imakula kufika cha pa 0.33 peresenti pa digiri. Nambala ya pa datasheet ndi ya pa 1000 W/m² basi. Ichi n'chifukwa IEC 61853-1 imayeza panelo pa kuwala kosiyanasiyana kuyambira 100 mpaka 1100 W/m² ndi pa 15, 25, 50 ndi 75°C, komanso chifukwa mamodelo a diode imodzi, monga ya De Soto ya mu 2006, amawerengera I0 pa kutentha kulikonse m'malo mochulukitsa ndi γ imodzi. Pa denga la 8 kW njira ya γ imodzi ikukwanira, poti mphamvu zambiri za chaka zimabwera kuwala kuli kochuluka. Pa famu yaikulu ya sola imene banki ikufuna lipoti, funsani fayilo ya PAN (yosunga manambala a panelo a mu PVsyst) yoyezedwa ku labu yodziimira payokha.

Kadzuwa

Zikomo kwambiri achimwene, zikomonso mayi. Ndamata sensa yoyeza kutentha ya Pt100 kumsana kwa panelo imodzi ya pakati. Pa kuwala ndi mpweya wofanana ndi uja ikuwerenga 66°C, kutali ndi 33 amene ndimalowetsa. Kodi 66 ameneyu ndimulowetse mwachindunji ngati Tc? Nanga pa masamu a chaka chonse ndingatenge avareji ya kutentha kwa malowo n'kuwonjezera madigiri ena ake? Ndipo kodi ndingathe kudziyezera ndekha γ kuti nditsimikize?

WoyezaIV

A Kadzuwa, 66 ameneyo ndi wa kumsana kwa panelo. Selo ili mkati, yokutidwa ndi pulasitiki ya EVA ndi pepala la kumsana, choncho imatentherako. Modelo ya Sandia imawonjezera madigiri 3 pa 1000 W/m² ngati panelo ili poyera, digiri imodzi ngati ili pafupi ndi denga, ndipo siwonjezera kanthu ngati kumsana n'kotsekeka. Kwa inu Tc ili pakati pa 67 ndi 69. Titenge 68: yakwera ndi madigiri 35 pamwamba pa mpweya, 720 kugawa ndi 35 ikupereka U ya 20.6. Zikugwirizana ndi zimene a MmisiriWaDenga anayerekeza.

Onetsetsani mmene sensayo yamatidwira, chifukwa zolakwika zambiri zimayambira pomwepo ndipo pafupifupi zonse zimapangitsa kuti iwerenge motsika. Ikhale pakati penipeni pa selo, osati pamphambano ya maselo, kutali ndi bokosi la mawaya ndi felemu. Pakati pa sensa ndi panelo pakhale guluu wodutsa kutentha, pamwamba pake tepi yopyapyala yopirira kutentha. Tepi ikayamba kumatuka, kampweya kamalowa pansi ndipo sensa imayamba kuwerenga theka panelo theka mpweya, pang'onopang'ono moti simungazindikire msanga. Musaifundike ndi chinthu chokhuthala, pakuti pamenepo mukhala mwatenthetsa malo amene mukuyezawo. Waya wake mumumate kumsana kwa panelo masentimita angapo asanapachikike, kuti asamakoke sensa komanso asamatulutse kutentha. Ngati Pt100 yanu ndi ya mawaya awiri, dziwani kuti 0.385 ohm iliyonse ya waya imaoneka ngati digiri imodzi yowonjezera. Gwiritsani ntchito ya mawaya atatu kapena anayi, kapena Pt1000. Sensa imodzi siimira denga lonse. Mapanelo a m'mphepete ndi a kumunsi amazizira kuposa a pakati ndi a kumtunda kumene mpweya wotentha umatulukira, ndipo kusiyanako kumatha kufika madigiri angapo.

U yodalirika siichokera pa masana amodzi. Sonkhanitsani ziwerengero za masabata awiri kapena atatu, mphindi zisanu kapena khumi zilizonse. Siyani zonse zimene G ili pansi pa 400 W/m², ndi zimene kuwala kunasintha kwambiri m'mphindi khumi zapitazo. Jambulani Tc − Ta motsatana ndi G, ndipo kutsetsereka kwa mzere umene utuluke ndi 0.72/U. Chifukwa chosiyira nthawi za mitambo n'chakuti panelo ili ndi galasi lolemera, imatenga mphindi zingapo kuti itenthe kapena kuzizira. Mamodelo onse amene atchulidwa pamwambawa amaganiza kuti kutentha kumatsatira kuwala nthawi yomweyo. Pa ziwerengero za ola ndi ola zimenezi sizivuta kwenikweni, koma pa za mphindi imodzi mtambo ukangodutsa modelo imagwetsa kutentha ndi madigiri 20 pomwepo, pamene panelo yeniyeni yangotsika pang'ono. Ngati mukugwira ntchito ndi ziwerengero zotere, pulogalamu ya pvlib ili ndi modelo ya Prilliman imene imasalaza kutenthako potengera mphindi zam'mbuyo.

Za avareji ya chaka, ayi, musatero. Avareji wamba imawerengera usiku ndi m'bandakucha, nthawi imene panelo siitulutsa kanthu. Chofunika ndi kutentha kwa selo pa maola amene mphamvu ikupangidwa, ndipo ola lililonse lilemere molingana ndi kuwala kwake. Werengani Tc pa ola lililonse la chaka, maola onse 8760, chulukitsani Tc iliyonse ndi G yake, phatikizani, kenako gawani ndi chiphatikizo cha G yonse. Nambala imene ituluke ndi imene muchotsepo 25 n'kuchulukitsa ndi γ. Imakhala yokwera kwambiri kuposa avareji ya mpweya, chifukwa maola owala kwambiri ndi omwewo amene selo imatentha kwambiri.

Ndi nambala imeneyi funso la HJT layankhika. Kusiyana kwa −0.35 ndi −0.25 ndi 0.10 peresenti pa digiri. Kutentha kolemeretsedwa kuja kukakhala 45°C, phindu ndi pafupifupi 2 peresenti pa chaka. Kukakhala 55°C, pafupifupi 3 peresenti. Kumalo kozizira kumene kuli 30°C, ndi theka la peresenti. Yerekezani ndi kusiyana kwa mtengo pa watt iliyonse, muone ngati zikubweza. Koma taonani ichi: pa kuwala kwa 700 W/m², U ya 20 imakweza selo ndi madigiri 25, ya 29 ndi madigiri 17. Madigiri 8 amenewo kuchulukitsa ndi 0.35 ndi pafupifupi 2.8 peresenti. Mpweya wodutsa bwino kumsana kwa panelo ungakupatseni phindu lofanana ndi losintha mtundu wa maselo. Padenga simungafike pa 29, koma kukweza mpata kufika masentimita 12 kapena 15, kusatseka kumunsi ndi kumtunda kwa mizere, ndi kuyala njanji mosatchinga njira ya mpweya wokwera, zimathandiza ndithu. Zimandiwawa kuona anthu akukangana za 0.02 pa coefficient, U yawo atangoisiya pa nambala imene pulogalamu inabwera nayo.

Kudziyezera γ n'kotheka koma n'kovuta kuposa mmene kumaonekera. Osayesa kuipeza pojambula mphamvu ya inveta motsatana ndi kutentha kwa tsiku lonse, chifukwa kutentha kumayendera limodzi ndi kuwala, mbali imene dzuwa lili ndi mtundu wa kuwala, ndiye simungalekanitse chimene chachititsa kusintha. Njira yoyenera ndi iyi. Sankhani tsiku loyera, pafupi ndi masana. Sungani panelo imodzi pamthunzi mpaka izizire ngati mpweya, kapena kuposa pamenepo ngati muli ndi chipinda chozizira. Itulutseni itaphimbidwa, ilozetseni dzuwa, vundukulani, ndipo muyeze mzere wa I-V (current motsatana ndi volteji) mobwerezabwereza pamene ikutentha, mukulemba kutentha pa malo angapo a kumsana ndi kuwala nthawi yomweyo. Kutentha kusinthe ndi madigiri osachepera 30. Konzani muyeso uliwonse kuti ufanane ndi kuwala kumodzi monga IEC 60891 ikufotokozera, jambulani Pmax motsatana ndi kutentha, ndipo kutsetsereka kwa mzerewo mukugawe ndi Pmax ya pa 25°C. Vuto lalikulu n'lakuti panelo ikamatentha mofulumira selo imatsogola, sensa ya kumsana imatsalira. Voc imatuluka bwino ndi njira imeneyi, Pmax pang'ono, koma Isc ndi yaing'ono kwambiri moti kusintha pang'ono kwa kuwala kumaimeza.

NaMasamu

Ndiwonjezere pang'ono pa zimene a WoyezaIV anena, makamaka kwa amene achoke pa spreadsheet kupita ku pulogalamu.

Mayunitsi amagwetsa anthu ambiri. Mu pvlib, pvwatts_dc imafuna γ ngati −0.0035, osati −0.35. Mukalemba −0.35 mphamvu ituluka yochepera ziro, ndipo cholakwika chotero n'chabwinoko poti chimaoneka. Chobisika ndi alpha_sc, coefficient ya Isc mu mamodelo a diode imodzi, imene imafunika mu A/°C: 0.05 peresenti ya 13.8 A ndi 0.0069 A/°C. Ya Voc nayo ma datasheet ena amailemba mu mV/°C, ndipo −0.27 peresenti ya 37.0 V ndi pafupifupi −100 mV/°C pa panelo yonse, osati pa selo imodzi. Akalemba %/K m'malo mwa %/°C musasinthe kanthu, n'chimodzimodzi.

Pa mphepo ndikusiyanako pang'ono ndi maganizo oti modelo yokhala ndi mphepo ndi yabwino nthawi zonse. Manambala a Sandia anapezedwa ndi mphepo yoyezedwa pa mamita 10 kuchokera pansi, ngati mmene malo oyezera nyengo amachitira. Mphepo ya pa msinkhu wa panelo imakhala yochepa kuposa imeneyo, makamaka pakati pa nyumba ndi mitengo. Mukatenga mphepo ya pa mamita 10 n'kuilowetsa mu modelo imene manambala ake anachokera ku mphepo ya pafupi ndi panelo, selo ituluka yozizira kuposa mmene ilili. PVsyst imasiya gawo la mphepo, Uv, pa ziro ndipo imaika mphepo wamba mkati mwa 29, 20 ndi 15 aja. Choncho musawonjezere Uv pamwamba pa 29 osatsitsa 29-yo, mukatero mwaziziritsa panelo kawiri.

Kuwerengera kawiri kumachitikanso kumbali ina. Mapulogalamu a PVsyst, SAM ndi PVWatts amachotsa kale kutayika kwa kutentha ola ndi ola, ndiye pa mndandanda wa zotayika zina musaikeponso peresenti ya kutentha. Onaninso γ imene pulogalamu yasankha yokha: PVWatts ya 5 inkaika −0.47 pa panelo wamba, nambala ya mapanelo akale, yomwe ingaipondereze PERC yanu.

A Kadzuwa, mukamayerekeza modelo ndi muyeso, pitirizani kuyang'ana kumbali ya DC monga mwachitira, ndipo muchotse maola amene inveta yafika pa malire ake. Tsiku lozizira lowala bwino mapanelo amatha kupereka zoposa zimene inveta ingalandire, iyo n'kudula zotsalazo, ndipo masana otentha kwambiri inveta imatha kudzichepetsera mphamvu yokha kuti isapse. Zonse ziwiri zimasuntha mzere kuchoka pa Vmp, ndipo chizindikiro chake ndi volteji ya DC imene yakwera pamene selo ili yotentha ndipo imayenera kutsika. Ngati mzere wanu ndi wa mapanelo 10, selo ili pa 68°C, yembekezerani pakati pa 257 ndi 263 V. Mukaona 290 V pa kutentha komweko, yang'anani kaye kutentha kwa inveta ndi mpweya wozungulira pamene yapachikidwa.